Mtsuko, ndowa, lichero kapena tayala: chiti chikongoletse bwalo lanu mwachikale?

Amayi anga atatopa ndi moyo wa m'tauni n'kubwerera kumudzi ku Chiradzulu, anandisiyira nyumba ya ku Chilomoni pamodzi ndi kachipinda kodzaza katundu amene ankati adzagwira ntchito tsiku lina. Munali mitsuko iwiri, wina wong'aluka m'khosi, ketulo yodontha, simbi ya makala yothyoka chogwirira, miyendo ya makina osokera a Singer, mtondo wobooka pansi ndi malichero atatu odyeka m'mbali. Anyamata ogula zitsulo zakutha ankadutsa pamsewu akukuwa, ndipo zitsulozo zikanakwera sikelo n'kundipatsa ndalama yosakwana thumba la makala. Sindinagulitse. Ndinazitulutsa pabwalo n'kuyamba kudzalamo maluwa, ndipo pa zaka zimene zadutsazi ndaona ndi maso anga chimene chimapirira nyengo ya ku Blantyre ndi chimene chimakongola mwezi umodzi n'kutha.

Ambiri akamva zokongoletsa bwalo mwachikale amathamangira zithunzi za pa Pinterest ndi Facebook, zojambulidwa kumayiko ozizira kumene kulibe chiswe. Koma chikale chathu chili pafupi. Pitani mukaone Mandala House, nyumba ya m'chaka cha 1882 ija, ndi khonde lake lalikulu. Mukaime pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI, chimene anachimanga kuyambira 1888 kufika 1891 ndi njerwa zoumba ndi kuwotchera konkuno. Mitundu imene mudzaione kumeneko ndi yomweyo ili m'khitchini mwa agogo: kufiira kwa dothi lowotcha, kuda kwa chitsulo ndi mwaye, kutuwa kwa nsungwi youma. Bwalo lotsata mitundu imeneyi limaoneka lachikale lokha, popanda kugula kanthu.

Chinthu chilichonse chimene mukufuna kutulutsa panja chikumana ndi adani asanu: dzuwa la Okutobala, mvula ya Januwale ndi Febuluwale, chiswe, udzudzu ndi akuba. Ndi adani amenewa ndimayezera njira iliyonse.

Zadothi: mtsuko, mphika, mbiya

Nditati ndisankhe chimodzi chokha, ndingatenge mtsuko. Chimene chimaziziritsa madzi akumwa mumtsuko ndi chomwecho chimasunga mizu. Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amatuluka pang'onopang'ono ngati thukuta, ndipo akamauma kunjako m'kati mumazizira. Duwa la mumtsuko silipsa mizu ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mtsuko suchita dzimbiri, chiswe chilibe nawo ntchito, ndipo wakuba saunyamula chifukwa pa sikelo saugula. Ukakhalitsa panja umamera ndere zobiriwira m'munsi, ndiye pamene umakongola kwambiri. Musazikwechepo.

Vuto lake ndi ludzu. Thukuta lomwe lija limaumitsa dothi msanga, moti m'chilimwe mtsuko waung'ono umafuna kuthirira tsiku lililonse. Ife a ku Blantyre tikudziwa kuti madzi si amasewera: ochuluka amene timamwa amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kupopedwa chokwera mpaka kufika mumzinda uno wa m'mapiri. N'chifukwa chake ine sindithirira maluwa ndi madzi otunga kumene pampopi. Ndimasunga otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba, ndi otsukuluzira zovala omaliza aja, opanda thovu. Pamwamba pa dothi ndimayala makoko a mtedza kapena udzu wouma kuti chinyezi chisathawe.

Mtsuko wodzalamo uyenera kukhala ndi bowo pansi, apo ayi mvula ikagwa masiku atatu mizu iola. Kuboola kumafuna kudekha. Uviikeni m'madzi usiku wonse, muuzondotse pa thumba la mchenga, kenako muzigogoda ndi msomali pang'onopang'ono pamalo amodzi mpaka pabooke. Mukafulumira mutsala ndi mapale. Ngakhale mapalewo musataye: phale limodzi mumavindikira nalo bowo m'kati kuti dothi lisamatuluke, ena mumayala m'mbali mwa njira. Mphika wosweka theka umakoma kuugoneka cham'mbali, mbali yoswekayo n'kuikwirira, maluwa aafupi n'kumamera kuchokera kukamwa kwake ngati atayikira pansi.

Pali njira inanso imene ndimaikonda kuposa zonse, ndipo siifuna kuboola. Mtsuko wa mng'alu wochepa muukwirire mpaka m'khosi pakati pa kadimba, muudzaze madzi, muvindikire ndi mbale yakale. Madzi amatuluka okha pang'onopang'ono n'kumanyowetsa dothi lozungulira, ndipo tomato, tsabola wa kambuzi kapena maluwa odzalidwa m'mbali mwake amamwa masiku angapo inu osagwira ndowa. Pamwamba pamangooneka khosi la mtsuko ndi mbale yamaluwa ija pakati pa masamba. Chivindikirocho chisachoke, chifukwa mtsuko wamadzi wapululu ndi nyumba ya udzudzu.

Musanaboole mphika wa munthu wamkulu, pemphani. Izi sindikunena chifukwa cha ulemu wokha. M'midzi yambiri kale ankaika ziwiya za malemu pamanda ataziboola, ndiye agogo ena akaona mphika wawo woboola pansi uli pabwalo mtima umawawawa, ngakhale asanene. Palinso aneba amene akaona kamphika kokhakokha pakona ya mpanda amayamba kunong'onezana kuti nyumba ija anaitsirika. Mphika wodzala maluwa ooneka bwino, woikidwa poyera pafupi ndi khonde pamodzi ndi zinzake, suyambitsa nkhani zoterezi.

Zachitsulo

Apa ndi pamene pali zinthu zokopa maso kwambiri, ndipo ndi pamenenso anthu ambiri amagwa. Ndowa yamalata, beseni, ketulo, mbaula yotha, wilibala yopanda tayala, njinga yakapalasa ya agogo aamuna, nyali ya galasi: chilichonse mwa izi chimanena nkhani munthu asanafunse. Miyendo ya makina osokera ndiye mfumu yake. Ndinaikapo thabwa lochindikala pamwamba, inasanduka tebulo la pakhonde, ndipo mlendo aliyense wachikulire amaponda chopondera chija n'kuyamba kusimba za telala wa kwawo.

Koma chitsulo chimatentha. Chaka choyamba ndinadzala maluwa mu ndowa n'kuiika pakati pa bwalo. Pofika pakati pa Okutobala ndowayo inkaotcha dzanja masana, ndipo maluwa anafota ngakhale ndinkathirira m'mawa ndi madzulo. Nditazula ndinapeza mizu ya m'mbali itapsa. Chiyambire pamenepo zachitsulo zonse ndimaika kumene kumafika dzuwa lam'mawa lokha, kum'mawa kwa nyumba kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo m'kati ndimayalamo chiguduli kapena katoni kuti dothi lisakhudzane ndi chitsulo.

Dzimbiri lili pawiri. Lakunja ndi lomwe limapatsa chinthu nkhope yachikale, ndipo ine sindilimbana nalo kwambiri: ndimangokwecha ndi burashi ya waya kuchotsa lofumbutuka. Lam'kati ndi lomwe limadya pansi pa ndowa mpaka tsiku lina mukainyamula dothi lonse n'kutsala pansi. M'katimo pakani penti ya red oxide, yomwe amapaka mageti ndi mawindo asanawapente, iume bwino musanathire dothi. Chinthucho chikhale pa njerwa ziwiri, chisakhudze nthaka yonyowa. Sefuliya ndi mapoto opepuka aja sachita dzimbiri, koma kuwala kwawo sikugwirizana ndi chikale pokhapokha atada ndi mwaye wa pamafuwa. Akada choncho, asiyeni.

Ngati pansi patheratu kapena chogwirira chathothoka, okhoma ndowa ndi mbaula a mumsika wa Ndirande amadziwa kuika chigamba, ndipo chigamba chokhomedwa ndi manja chimangowonjezera kukongola. Apempheninso apinde m'mphepete monse mwakuthwa. Pakhomo pa ana, lata lakuthwa ladzimbiri lili m'dothi ndi bala loyembekezera phazi, ndipo kafumbata amalowera pa mabala oterowo.

Kukula kwa chiwiya kumalamula chodzalamo. Ketulo ndi simbi ya makala zimalowa dothi la m'manja awiri basi, ndiye zimayenera timaluwa ta masamba onenepa tosunga madzi, timene timapirira ngakhale mutaiwala kuthirira sabata. Beseni ndi lotambalala koma losazama, labwino kwa anyezi wamasamba, mpiru ndi maluwa aafupi. Dothi likhale lakuya masentimita 20 kapena kuposa. Tomato amafuna ndowa ya malita 20 payekha. Wilibala imalola kusakaniza zazitali pakati ndi zoyanga m'mbali. Dothi limene ndimathira monsemu ndi magawo awiri a dothi lapamwamba, limodzi la manyowa owolerana ndi limodzi la mchenga wa kumtsinje, chifukwa katondo yekha akauma m'chitini amalimba ngati njerwa.

Mgolo wa malita 200 woudula pakati umakwana kadimba kathunthu, koma funsani kaye munali chiyani. Wochokera ku mafuta a galimoto kapena mankhwala musadzalemo chodya. Chimodzimodzi chitsulo chopakidwa penti yakale yomwe ikusupuka, chifukwa penti zina zakale zinali ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana. Zoterezi zisungireni maluwa okha, kutali ndi posewerera.

Mdani womaliza wa chitsulo ndi sikelo ija. Chimene inu mukuchiona ngati chikumbutso cha agogo, wina akuchiona ngati makilogalamu. Mbaula yanga yoyamba inagona panja usiku umodzi wokha kunja kwa mpanda, kutacha panali dothi ndi duwa lozulidwa. Ngati mulibe mpanda wodalirika, zachitsulo zikhale pakhonde, zomangidwa ndi tcheni, kapena miyendo yake muizike mu simenti. Pa mfundo imeneyi yokha, wa bwalo lopanda mpanda ku Mbayani kapena ku Bangwe achita bwino kutsamira ku zadothi.

Zamatabwa ndi zoluka

Izi ndi zimene zimandikhudza mtima kwambiri, komanso ndi zosachedwa kufa. Lichero, dengu, nsengwa, mpando wa ndalema, chitseko chakale, mtondo ndi munsi wake. Ndinataya malichero awiri mwa atatu aja chifukwa chothiramo dothi n'kuwaika pansi. Pamwamba ankaoneka bwino, maluwa ali ngwee, koma tsiku lowanyamula ndinangotsala ndi mkombero m'manja. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chiswe chinali chitadya pansi ponse.

Lamulo langa tsopano n'lakuti chamtengo kapena chansungwi chisakhudze nthaka ndipo chisakhudze dothi lonyowa. Lichero lotsalalo ndinalipachika pakhoma la khonde, pamwamba pa tebulo la makina lija, ndipo lakhala zaka osasintha. Dengu limakhala chovala chabe: duwa lili m'chitini kapena m'kachidebe, chitinicho n'kulowa m'dengu, ndipo pothirira ndimachitulutsa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawaza masiku otsatizana, zoluka zimagwira chinyezi n'kuchita nkhungu ngakhale zili pakhonde, ndiye dzuwa likangotuluka ndimaziyanika.

Mtondo ndi wolimba kuposa zonsezi chifukwa amausema ku mtengo wolimba, ndipo wobooka pansi uja uli kale ndi potulukira madzi. Komabe ndimauimika pa mwala wosalala, ndipo duwa limakhala m'chitini cholowetsa m'kamwa mwake. Kamodzi pa mwezi ndimausuntha kuona ngati chiswe chayamba kumata njira zake zadothi. Ena amapaka matabwa oyilo wakuda wotsala ku galimoto. Chiswe chimathawadi, koma oyiloyo amatsikira m'nthaka mvula ikagwa ndipo amadetsa zovala za aliyense wotsamirapo. Vanishi ndi yodula pang'ono koma siwononga dothi.

Ndiye mukayerekeza: zamatabwa ndi zoluka ndi za munthu amene ali ndi khonde lofolera bwino ndiponso nthawi yoyang'anira. Wopanda khonde asavutike nazo, angotaya zinthu zabwino.

Matayala ndi zigubu

Sindibisa, matayala opakidwa penti yofiira, yachikasu ndi yabuluu sindiwaona ngati chikale. Amayenera pa sukulu ya mkaka. Zigubu ndi mabotolo apulasitiki nazo zimatuwa ndi dzuwa, kenako zimayamba kuphwanyika tizidutswa timene timasakanikirana ndi dothi. Koma ndi zotsika mtengo kuposa china chilichonse, sizibedwa, chiswe sichidya, ndiye zili ndi malo ake: kuseri kwa nyumba, kofesera mbewu ndi kodzala ndiwo, kapena m'kati mwa dengu ndi mtondo mmene sizioneka.

Tayala lili ndi ntchito imodzi imene palibe chinzake chingaigwire. Mabwalo ambiri a ku Blantyre ali pamtsetse, m'munsi mwa Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, ndipo matayala okwiriridwa theka, odzazidwa dothi lotsenderedwa, amakhala masitepe abwino otsikira kudimba. Mukawasiya akuda n'kudzala udzu kapena maluwa oyanga m'mbali mwake, pakatha chaka saonekanso. Musawayese khoma lotchinga phiri ayi. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mbali mwa Soche mu Malichi 2023. Madzi saiwala khwawa, choncho chokongoletsa chilichonse, kaya tayala, mgolo kapena mulu wa miyala, chisatseke ngalande kapena njira imene madzi amadutsa pabwalo panu popita kumunsi, kumene kulinso nyumba za anzanu.

Tayala longogonekedwa osadzaza limasunga madzi m'mphepete mwake, ndipo madziwo satuluka ngakhale mulitembenuze. Nyengo yotentha udzudzu umachoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10 okha. Izi zikukhudza njira zonse zimene ndatchulazi: ketulo yosaboola, mbale yoika pansi pa mphika, nyali yopachika panja. M'dzinja ndimazungulira bwalo kamodzi pa sabata, Loweruka m'mawa, n'kukhuthula paliponse pamene paima madzi.

Njerwa zakale zotsala pogwetsa khoma, ndi mphero ngati muli ndi mwayi wokhala nayo, sizifuna kukambirana zambiri. Siziola, sizitentha mizu, sizifuna penti. Njerwa zozikidwa mopendekera zimapanga mzere wokongola wa m'mbali mwa maluwa, monga zinkakhalira pa nyumba za aphunzitsi ku mishoni. Chokhacho chimene ndikuletsani pa zotsala za nyumba zakale ndi malata otuwa ochindikala aja a asbestos. Musawadule, musawaswe kuti mupangire mabedi a maluwa, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Wa lendi ndi mwini nyumba sasankha mofanana

Anthu ambiri mumzinda muno ndi a lendi, ndipo bwalo amagawana ndi mabanja ena. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, sankhani zimene munthu mmodzi anganyamule tsiku losamuka: ketulo, ndowa, miphika yaing'ono, lichero la pakhoma. Mtsuko waukulu wodzala dothi supulumuka ulendo wa pa lole m'misewu ya makumbi. Kambiranani ndi alandilodi musanakhome msomali kapena kukumba, ndipo musatseke njira ya kumpopi kapena malo oyanikapo zovala, kuopa kuti maluwa angadanitse anthu okhala mpanda umodzi. Mwini nyumba ndiye angakwirire mitsuko, kuzika njerwa, kumangirira njinga pamtengo n'kulola duwa loyanga liikute.

Kwa onse awiri, msampha waukulu ndi kuchulukitsa. Mukayamba kuona kukongola m'zinthu zakutha, mumafuna kutulutsa chilichonse, ndipo posakhalitsa bwalo limafanana ndi pogulitsira zitsulo. Ine ndinafika pamenepo, kenako ndinabweza theka m'kachipinda kaja. Chimene chimagwira maso ndi chinthu chimodzi chachikulu, monga mbiya, wilibala kapena mtondo, ndi tating'ono tiwiri kapena titatu pafupi nacho, zonse pakona imodzi. Pakati pa bwalo pasiyeni poyera, posesedwa bwino. Pakhomo pa Mmalawi pamafunika malo oyala mphasa, oyanika ufa, osewerera ana, ndi okhalapo anthu tsiku la chinkhoswe kapena la zovuta.

Pa zodzala, ndimasakaniza maluwa ndi zodya chifukwa ndi mmene amayi ankachitira: tsabola wa kambuzi mumphika, mpungabwi pafupi ndi khomo chifukwa cha fungo lake, aloe vera mu simbi ya makala, anyezi mu beseni. Nkhadze ndi yopirira ndipo imaoneka bwino mumtsuko, koma utomoni wake ndi woopsa m'maso, ndiye pakhomo pa ana aang'ono ndimaipewa. Nthawi yabwino yoyamba ndi kumapeto kwa mvula, cha mu Epulo, dothi likadali ndi chinyezi ndipo dzuwa lafewa, kuti pofika chilimwe mizu ikhale itagwira.

Mtsuko wachiwiri uja, wosang'aluka, ndinali nditauviika kale m'madzi kuti m'mawa mwake ndiuboole pamene amayi anatulukira kudzationa. Anazungulira bwalo lonse osayankhula, anaima nthawi yaitali pa mtondo wawo, anagwira masamba a duwa limene linali m'kamwa mwake. Atafika pa beseni limene munali mtsukowo anandifunsa chimene ndikufuna kuchita nawo, ndipo nditawauza anati, "Mwanawe, uwu sunafe ayi. Dzala m'zakufazo." Anauvuula okha, anautsuka, anauika pa nkhata pakona ya khonde n'kuvindikira ndi mbale, chikho pamwamba. Mpaka lero ndi mmene timamwa madzi mwezi wa Okutobala.